Taniti wa Pakhomo pa Arishati

Tsiku la 3, mwezi wa Etanimu

Ndikulemba ndi khala paphale la mtsuko wa vinyo. Mapepala a gumbwa ndi a alembi a ku Katago. Ine changa ndi mapale, mulu wofika m'chiuno kuseri kwa nyumba. Ndikalemba ndizikwirira pansi pa muluwo. Ntchito ikadzatha ndidzawasinja ndekha. Palibe adzawerenge.

Ukwati wa Arishati, mwana wanga mmodzi yekhayo, pa 20 mwezi wa Bulu. Mwezi ndi theka. Nyumba yaima kale kumsewu wa onyika nsalu, kumene fungo la nkhono zowola zopangira utoto limakulonjera usanafike pakhomo. Mkamwini Mutuni akuti munthu amazolowera. Atero ndithu, iye manja ake ndi ofiirira mpaka m'zigongono.

Amake, mayi Umashitati, abwera m'mawa. Sanakhale pansi n'komwe. "Asewere, pansi ndi panu, sitingakulandeni. Koma zipupa ndapatsa Mgiriki. Ku Katago anthu enieni akutero masiku ano." Anthu enieni! Ndiye kuti ife ndife mbuzi.

Zipupa atenge. Changa ndi pakhomo. M'banja mwathu mwana wamkazi akamalowa m'nyumba yake, bambo wake ndiye amayala chizindikiro cha Taniti, mulungu wathu wamkazi, polowera, timiyala toyera m'matope ofiira, kuti Mayi ayang'anire olowa ndi otuluka. Bambo anga anayalira alongo anga atatu. Ine ndayalira ana a eni makomo osawerengeka m'mudzi muno. Watsala wanga.

Tsono nachi chimene sindinauze munthu. Diso lamanzere linatseka chaka chatha, ng'ala. Lamanja likutsatira. Ndikuona ngati munthu wokhala m'khitchini mosonkhedwa nkhuni zaziwisi. Asewere akangodziwa, pakhomonso apatsa Mgiriki, ndipo adzanena mokoma, mondimvera chisoni. Bola kundimenya.

Tsiku la 6

Ndamuona Mgiriki uja. Kaliyasi, wa ku Akragasi, ku Sisile. Wamfupi, wadazi, pakamwa posatseka. Chilankhulo chathu amachiponda ngati mphesa koma manyazi alibe. Wabwera ndi zingwe, kamtovu kolendewera, ndodo zolembera mizere. Theka la tsiku kuyeza chipupa chimodzi, osapakapo kanthu. Ndamufunsa ngati kwawo zipupa zimathawa kuti azizimanga ndi chingwe. Waseka. "Madala, chipupa chimanama. Chingwe sichinama."

Ife kusinja mapale. Arishati pa mtondo wamwala, ine pa sefa. Zala zimadziwa zokha: zonga mchenga uku, zonga nandolo uko. Apa maso safunika. Njereza yakhala m'dzenje miyezi inayi, yafewa ngati tchizi watsopano.

Tikuweruka Arishati watulutsa mtsuko wa amake, uja unasweka chaka chimene mkazi wanga Shibuleti anatisiya. Ine ndinali nditauiwala. Iye anasunga zidutswa zonse m'dengu zaka zisanu ndi ziwiri. "Amayi alowe nawo pakhomo, bambo." Ndinati nthunzi ya njereza yandilowa m'maso. Njereza ya miyezi inayi ilibe nthunzi, ndipo iye akudziwa zimenezo.

Tsiku la 11

Ndinene zoona, ngakhale paphale. Mgiriki ndi mmisiri.

Ndalowa m'chipinda chachikulu masana, iye atapita kukagula nsomba. Kutsogolo kwanga mitundu: chakuda m'munsi, kenaka miyala ikuluikulu yofiira ndi yachikasu, mzere woyera pamwamba. Zazikulu zotere diso likadatolabe. Ndagwira. Kuzizira, kusalala ngati dzira. Pakati pa mwala ndi mwala kampata koongoka, kokwana chikhadabo. Ndinati asewere apenga, agula nsangalabwi ya kutsidya kwa nyanja. Ndagogoda. Njereza basi! Kumbuyo kwake njerwa zathu zomwe zija zosawotcha. Munthu wapanga nyumba ya mfumu ndi dothi la kuno.

Wandipeza ndikusisita chipupa ngati wofuna kugula bulu. Wandiuza zonse osabisa: kupaka katatu, komaliza njereza ndi fumbi la nsangalabwi, utoto chipupa chikadali chonyowa kuti chimwe, kenaka kukulunga mpaka munthu adzione nkhope. Mmisiri wa kwathu akadafa nacho chinsinsi chotere. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Zikundiwawa kuvomera, koma kakuthwadi.

Nanenso ndamugwetsa. Bafa lokhalamo lomwe ndinamaliza sabata yatha: ndathiramo madzi m'mawa, pofika madzulo ali pomwepo, osatsika ngakhale pang'ono. Wazungulira kawiri, wagwada, wakanda ndi chala. "Mapale okhaokha ndi njereza? Ife timawataya kudzala!" Kenaka chipongwe, sangalekeze pa kuyamikira: "Kwathu timasamba tonse pamodzi, tikukamba nkhani. Inu aliyense m'kachipinda kake ngati nkhuku yofungatira." Ndamuuza kuti ife sitinasowe choona mpaka kukayang'ana misana ya anzathu.

Tadyera pamodzi. Mkate wa balere, azitona, nsomba yamchere. Amathira madzi m'vinyo munthuyu. Palibe wopanda chilema.

Tsiku la 17

Manyazi.

Dzulo chipinda chachikulu. Ntchito yathu ndi ya tsiku limodzi: kuthira matope, kutsendera ndi thabwa, kenaka timiyala toyera kamodzikamodzi ndi chala chachikulu, matope asanagwire. Akagwira, chimene walakwa chidzakhalapo mpaka zidzukulu. Arishati anamutenga asewere, zoyeza nsalu ya ukwati. Dengu loyamba litatha ndinatenga lina pakona ndekha. Fumbi la njereza pamwamba, kwa ine zonse zotuwa. Tsiku lonse pamaondo, mtima mbee, mpaka kuimba.

Lero m'mawa ndapukuta ndi nsalu yonyowa, asewere ali pakhomo. "Iii! Asewere, zakudazi n'chiyani?" Pamenepo ndinadziwa. Dengu linalo linali la Kaliyasi, timiyala takuda tomwe anatola kugombe. Theka la chipinda toyera, theka takuda. Zaka makumi anayi za ntchito.

Kaliyasi ali pamakwerero, osatembenuka n'komwe: "Ndine ndinawapempha, mayi. Ku Akragasi nyumba za akuluakulu zimatero, usana uku, usiku uko. Kodi ku Katago sizinafike?" Asewere anayang'ananso pansipo. Kenaka: "Zinafika. Ndinaziona kwa alamu anga." Apita akumwetulira, akuti akauza anzawo.

Bodza la Mgiriki landipulumutsa, ndipo ndamukwiyira kuposa mmene ndikadakwiyira akadandiseka. Tsiku lonse sanandiyang'ane. Wadziwa.

Tsiku la 18

Kukachisi wa Eshimuni, mulungu wochiritsa. Nkhunda ziwiri za nsembe. Wansembe wandipaka uchi ndi ndulu ya nsomba m'maso. Kuwawa kokha.

Pobwerera ndapereka moni kwa mtsuko waukulu wa pakhomo pa wogulitsa mafuta. Ndikhulupirira palibe anaona.

Tsiku la 24

Masana pachitsime cha m'bwalo, ine ndi Kaliyasi. Wayamba za bambo ake. Ankayala pansi ndi timiyala ta mumtsinje, osati madontho ngati ife koma zithunzi: nsomba zikulumpha, mkango pamsana pa mbawala. Diso la mkangowo kamwala kamodzi kachikasu, anakafunafuna masiku khumi. Ndinatseka maso kuti ndione bwino, ndipo ndinauona mkangowo. Zinthu zotere ndi timiyala! Ine moyo wonse madontho.

Aroma atalowa mumzinda wawo, zaka zinayi zapitazo, anthu anagulitsidwa. Bambo ake nawo. Iye anathawira kumapiri, n'kubwerera patapita miyezi, n'kufukula phulusa ndi manja. Denga palibe, zipupa palibe. Mkango uli pomwepo. "Ine ndimakometsa zimene zimagwa, madala. Zanu ndiye zimatsala."

Ndinamupatsa nkhuyu zanga.

Kenaka waononga zonse. Akuti bambo ake ankapinda kachingwe ka mtovu n'kukaimika m'matope kuti kalembe malire a chithunzi, timiyala n'kumatsamira pamenepo. "Chala chikhoza kutsata mtovu ngakhale mumdima." Wanena akuyang'ana m'chitsime.

Ndamulalatira. Taniti sayalidwa ndi chikombole ngati njerwa. Amatuluka m'diso ndi m'dzanja, kamodzi, ndipo bambo anga akadamva za mtovu akadalavula. Ndamuuza asamale zipupa zake zabodza. Zabodza, ndinatero, kwa munthu amene wangondiuza za bambo ake. Wamaliza nkhuyu, wakwera makwerero.

Pakamwa panga ine. Shibuleti ankanena.

Tsiku la 3, mwezi wa Bulu

Masiku asanu ndi anayi osalemba. Zipinda zatha, bwalo latha. Arishati sachokanso pambali panga, akuti nsalu asewere aziyeza okha. Dengu lakuda lija linasowa, sindidziwa analichotsa ndani. Ndi Kaliyasi moni yekha. Wamaliza mkombero wa pamwamba pa zipupa, timazira ndi timikondo mosinthana. Ndinakaupapasa iye kulibe, chala changa sichinapeze dzira limodzi losiyana ndi linzake.

Mitambo kunyanja. Mvula ya Bulu ikagwera matope aawisi, basi zatha. Patsala pakhomo.

Ndayesa kujambula Taniti pamchenga wonyowa kuseri kwathu. Chinthu chapafupi, mwana akhoza kujambula: thupi la ngodya zitatu, mikono chopingasa pamwamba pake, manja oloza kumwamba, mutu wozungulira. Ndachita kangati pa moyo wanga? Nditamaliza ndamuitana Arishati ngati zocheza. Wabwera, wayang'ana. "Ali bwino, bambo." Atachoka ndapapasa. Mutu uli paphewa, dzanja limodzi lalitali ngati la wopemphetsa.

Mwana wanga wandinamiza. Mwina akuyesa ndi dzanja lonjenjemera la ukalamba, mwina vinyo. Aziyesa choncho. Ndafafaniza ndi phazi.

Ndikuopa. Masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Tsiku la 6

Ndapita kwa Kaliyasi. Ndi kamtsuko ka vinyo. Pepani wanga anali wamfupi, amisiri sitidziwa kupepesa. Iye: "Ndinapinda kale, madala. Ndimadikira mkwiyo uphwe." Wandiikira mtovuwo m'manja.

Ndapapasa, ndapapasanso, ndiye kuseka kwake mpaka kukhala pansi. Munthuyu wamupatsa Taniti chiuno! Mapewa ogwa bwino, mkanjo wa mapindemapinde m'munsi, ndipo pamutu, Baala ndi mboni, kamphuno. "Ndimayesa mumasiya chifukwa cha kusadziwa," akutero. "Mulungu wamkazi wopanda nkhope, mwamuna wake amamuzindikira bwanji?" Agiriki inu! Chipupa chokhota ayenera kuchiongola, mzere woongoka pa munthu ayenera kuukhotetsa. Ndamuuza kuti Mayi ndi wa aliyense, ukamupatsa mphuno afanana ndi mkazi wa wina, anzake achite nsanje. Koma dzanja lake, ayi ndithu, ndi dzanja. Ndinachita chisoni kuti kamkazi kokongola kaja kasungunulidwe. Akuti akasunga.

Tapinda mtovu wina. Zala zanga zikunena, maso ake akuweruza. Apa kwezani, apa mwapyola. Wayeza mikono ndi chingwe chake chomwe chija ndinachiseka. Yofanana ndendende, koyamba pa moyo wanga. Bambo anga andikhululukire, koma ndikukaika ngati iwo anafikapo.

Ndamuuza chimodzi: mtovu sutsala m'matope. Kwawo amausiya momwemo. Ine ndidzauzula asanagwire. Wavomera. Likawala dzuwa mkuja, tiyala.

Vinyo uja wathiramo madzi. Sindinanene kanthu.

Tsiku la 8

Wayalidwa.

Matope ndakanda ndekha, mtsuko wa Shibuleti uli momwemo. Mtovu pansi. Kaliyasi waima mumsewu ndi makwerero ake, ngati akupaka pamwamba pa khomo, kutchinga odutsa. Chala chamanzere pa mtovu, chamanja kukanikiza. Arishati kumbuyo kwanga. Masiku onse amandiikira dengu pansi. Lero amandipatsa m'dzanja kamodzikamodzi, kosankhidwa kale, mbali yosalala kumwamba. Sindinafunse, panalibe nthawi.

Ndikufika pamutu, mawu a asewere kumsewu. Mtovu uli poyera, ine ndikupapasa ngati wosaona uja wa pamsika. Arishati wadzambatuka: "Amayi, mwabwera bwino! Nsalu ija yatuluka mawanga kumsana, tiyeni mukaone, ine ndangotsala pang'ono kulira." Mawanga pa nsalu ya ukwati, m'banja la onyika nsalu! Asewere athamanga ngati nyumba yapsa. Mutuni anainyika yekha katatu nsalu imeneyo. Mawanga achokera kuti?

Ndazula mtovu pang'onopang'ono. Kamwala kamodzi ka padzanja lamanzere kanatuluka nawo. Ndakabwezera ndi chala chokha. Kamzere kotsala ndatseka ndi chikhadabo.

Kaliyasi watsika, wagwada, wayang'anitsitsa. Kenaka: "Alibe nkhope, koma akundiyang'ana."

Mvula yoyamba madzulo, titafunditsa kale mphasa ndi zikopa. Ndalira. Phale ndilibisirenji.

Tsiku la 15

Kukulunga ndi mwala masiku atatu, kenaka mafuta. Kufiira kwatuluka, akutero onse. Asewere akubweretsa anzawo kudzaona "usana ndi usiku". Awiri afuna chomwecho m'nyumba zawo, akuti ndi za ku Akragasi. Kaliyasi anatulukira panja kukaseka. Akuti tizigwira pamodzi, iye maso, ine chala, andiphunzitse mtovu, ndimuphunzitse bafa. Ndati ndiganize. Ndaganiza kale.

Ntchito yatha, ndiye ndinati ndisinje mapale anga. Ndafukula pansi pa mulu. Palibe. Ndapapasa mulu wonse, maondo kuwawa, thukuta kamukamu. Arishati ali pakhomo, sindidziwa anaimapo nthawi yaitali bwanji.

"Mukufuna olembedwa aja, bambo? Ali m'bokosi la amayi, ndawakulunga m'nsalu. Amenewo sasinjidwa."

Ndafunsa kuyambira liti. "Kuyambira loyamba. Ndinkawerenga n'kubwezera. Mulu umenewu amasankhula ndani m'mawa uliwonse? Kuwerenga anandiphunzitsa ndani? Komanso zilembo zanu masiku ano n'zazikulu ngati mapazi a ng'ombe, munthu akhoza kuwerenga ali padenga." Kenaka mawu anasintha. "Tsiku la dengu lija sindikanayenera kuchoka. Apongozi anandikoka. Mundikhululukire, bambo."

Iye kupepesa ine.

Kubisa chinsinsi mu mulu wa mapale, m'nyumba ya osinja mapale. Ine Yatoni, mutu wanga uli bwino? Ndinafuna kukalipa kuti ndipeze pothawira. Anatenga dzanja langa, lomwe lija lathetheka ndi njereza, n'kuliika patsaya pake. Panali ponyowa.

Tsiku la 21

Ukwati dzulo. Ng'oma, zitoliro, phala la tchizi ndi uchi, makangaza madengu awiri. Ndinamva zonse. Kuona kokha, mitundu yoyendayenda. Nsalu ilibe banga ndi limodzi lomwe, asewere anauza aliyense katatu. Nkhope ya mwana wanga sindinaione. Ndinaigwira.

Polowa ndinavula nsapato. Anthu anayesa ndi ulemu. Taniti yense pansi pa phazi langa: thupi, mikono, mutu. Ndinaima pomwepo mpaka Kaliyasi anandikankha kumsana. "Madala, mwatseka khomo, vinyo ali m'kati."

M'nyumba muno zii. Palibe wosinja.

Sindikuonanso zimene ndikulemba, mizere mwina ikukwerana. Khala latsala kachidutswa.

Arishati, popeza uwerenga ndithu, tamva. Pakhomopo usamakweche ndi mchenga, ngakhale apongozi ako atanena. Madzi okha, mafuta kawiri pachaka. Padzanja lamanzere la Taniti pali kamwala kamodzi kotumphuka pang'ono, dzulo kandilasa kuphazi. Mgiriki wakaona, akufuna kukapala. Usamulole. Tina tonse tinatsata mtovu wake, ndipo sindichita nazo manyazi, uziuza aliyense wofunsa. Koma kameneko ndi kanga. Ukadzakhala ndi mwana wamkazi, umuvule nsapato, umuimike pamenepo, umuuze kuti